Chaka cha 2008: Momwe Fresno State Idatengera Chikho cha Baseball

Mzinda wa Fresno uli pakati pa chigwa cha alimi m'chigawo cha California ku America, ndipo umadziwika kwambiri ndi mphesa kuposa masewera. Komatu pa 25 June 2008, timu ya baseball ya yunivesite ya Fresno State, yomwe amaitchula kuti Bulldogs, idatenga chikho chachikulu cha masukulu a ukachenjede m'dzikolo, chimene timu iliyonse ya amuna pasukuluyi idali isadachite m'mipikisano ikuluikulu ya bungwe la NCAA, loyendetsa masewera a m'masukulu a ukachenjede.

Chaka chimenecho chidayamba moipa. Pamasewera 20 oyambirira anyamata a mphunzitsi Mike Batesole adapambana 8 okha, ndipo nyengo itayandikira kumapeto, katswiri wawo woponya mpira, Tanner Scheppers, adavulala phewa. Akadapanda kutenga chikho cha ligi yawo ya Western Athletic Conference, mwayi wolowa mumpikisano wa dziko lonse ukadawadutsa.

Mpikisanowu umayamba ndi matimu 64 ogawidwa m'magulu 16 a matimu anayianayi, ndipo Fresno State idaikidwa pa nambala 4 m'gulu la ku Long Beach, kusonyeza kuti okonza ankaiona ngati yongodzaza malo. Idatuluka bwino m'gululo n'kukakumana ndi Arizona State, imodzi mwa matimu amphamvu zedi chaka chimenecho, pabwalo la eni ake ku Tempe. Idagonja tsiku loyamba koma idapambana masewera awiri otsatira, motero idapeza malo pakati pa matimu 8 opita ku Omaha, m'chigawo cha Nebraska, komwe ndime yomaliza yotchedwa College World Series yakhala ikuchitikira kuyambira 1950.

Pabwalo la Rosenblatt ku Omahako, Fresno State idakhaulitsa yunivesite ya Rice 17-5, kenaka idatulutsa North Carolina. M'fainolo ya masewera atatu idakumana ndi Georgia, yomwe nayonso dzina lake ndi Bulldogs. Georgia idapambana oyamba 7-6, ndipo m'achiwiri idatsogola 5-0, moti chikho chinkaoneka kuti chapita kale. Koma Fresno State idadzuka n'kumaliza ndi 19-10.

Tsiku lachitatu lidali la Steve Detwiler. Mnyamatayu ankasewera ali ndi mtsempha woduka m'chala chachikulu, chala chimene chimamva ululu wonse ndodo ikagunda mpira, komabe adamenya mpira kawiri mpaka kudumpha mpanda, ndipo mapointi onse 6 a timu yake adachokera pa ndodo yakeyo. Justin Wilson adaponya ndime 8 mwa ndime 9 za masewerawo, Georgia n'kungotola pointi imodzi, ndipo zidathera 6-1. Tommy Mendonca ndiye adasankhidwa wosewera wopambana onse ku Omaha.

Timuyi idatsiriza chaka itapambana masewera 47 ndi kugonja 31, ndipo padali pasadakhalepo timu yotenga chikhochi itagonja kochuluka chotero. Pali ena omwe anganene kuti ndondomeko ya mpikisano wochotsana ngati umenewu imalanga matimu amene achita bwino chaka chonse, ndipo mfundoyo si yopanda pake. Koma mwayi wokha sungafotokoze zomwe zidachitika, pakuti mumpikisanowu Fresno State idasewera masewera 6 amene kugonja kukadaitumiza kwawo, ndipo onsewo idapambana.

Sukuluyi sidabwererenso pamlingo umenewo, ngakhale kuti patapita zaka zochepa idalera Aaron Judge, yemwe adadzakhala katswiri wa New York Yankees.