Mtedza wotsala posankha ndi khansa ya chiwindi

Alimi ambiri a ku Linthipe ndi ku Lobi akasankha mtedza, wabwino umapita kwa mavenda, pomwe wonyala, wobooka ndi wakuda umatsala pakhomo kuti asinje nsinjiro. Zimenezi n'zodetsa nkhawa, chifukwa mtedza wotsalawu ndi umene umadzaza poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin.

Poizoniyu anadziwika mu 1960, nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England chifukwa cha chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Kwa munthu sapha msanga pokhapokha atachuluka kwambiri. Amagwira ntchito mwakachetechete. Akafika m'chiwindi, thupi limayesa kumuphwanya, koma pophwanyapo pamatuluka kachiphe kena komwe kamamatirira ku DNA, malangizo amene selo, kachigawo kakang'ono kwambiri ka thupi, limatsata pogawikana. Selo likamakopera malangizo owonongekawo, chilembo chimodzi chimasintha.

Malo amene chimasinthirawo ndiwo oopsa. M'malangizowo muli jini, kapena kuti kachigawo ka DNA, yotchedwa p53, imene ili ngati mlonda: ikaona selo lowonongeka imaliletsa kugawikana, kapena kulilamula kuti life. Mu 1991 ofufuza anapeza kuti zotupa zambiri za khansa ya chiwindi za odwala a ku Qidong, China, ndi kummwera kwa Africa zinali ndi p53 yowonongeka pamalo amodzimodzi. Mlondayo akafooka, maselo olakwika amachulukana kwa zaka zambiri munthu asanamve kupweteka kulikonse. Amene ali ndi kachirombo ka hepatitis B, kamene kamatupitsa chiwindi, chiopsezo chake chimakwera kwambiri, poti chiwindi chotupa chimapanga maselo atsopano pafupipafupi, ndipo zolakwika zimawunjikana. N'chifukwa chake katemera wa ana wa pa masabata 6, 10 ndi 14, amene muli chitetezo cha hepatitis B, si wojomba.

Kukazinga kapena kuwiritsa sikuchotsa poizoniyu mokwanira, choncho kupewa kumayambira kumunda. Kumbani mtedza ukangokhwima, ndipo muuwumitse makoko ake osagunda dothi, makamaka kuno kumene mawawa a mu June amanyowetsa zoyanika. Musawaze madzi makoko kuti afewe posenda, chifukwa chinyontho chimenecho ndicho chimadzutsa chuku m'thumba. Matumba asanjikeni pamitengo, kutali ndi khoma. Mtedza wotsala posankha uja ukwiriridwe. Musatenderere ndiwo, ndiponso musapatse ng'ombe yamkaka, chifukwa poizoniyu amadutsa mpaka mumkaka umene ana amamwa.