Chikho cha rabi: yambani mwachitembenuza

Munthu akandibweretsera chikho chasiliva chomwe akuti mpingo wa Ayuda unapatsa rabi wawo (mphunzitsi wa chipembedzo chawo) pomuthokoza, sindithamangira mawu omuyamikira ozokotedwa pamimba pake. Ndimayamba ndachitembenuza. Kunsi kwake, pena kumlomo, kumakhala tizidindo tating'ono ngati njere za mapira, tosonyeza kumene chinachokera.

Kamkango koyenda ndi ka ku England, kutanthauza siliva wa magawo 925 pa 1,000, ndipo kamutu ka kambuku pambali pake kakunena kuti chinayesedwa ku London. Nambala 84 ndi ya mu ufumu wakale wa Russia, womwe unkalamuliranso Warsaw ndi Vilna. Ku Germany, kuyambira 1888, ankadinda kamwezi ndi chisoti chachifumu. Musadabwe wosulayo akapezeka kuti sanali Myuda. M'mizinda ngati Augsburg ndi Nuremberg Ayuda sankaloledwa m'mabungwe a amisiri, choncho ngakhale zisoti zoveka mpukutu wa Torah (mabuku asanu a Mose) ankakasulitsa kwa Akhristu.

Ndikatero m'pamene ndimatenga galasi lokulitsira n'kuwerenga mawu aja. Pa Chiheberi zilembo zimaimiranso manambala, ndipo chaka amachilemba choncho. Mwachitsanzo, chilembo cha tav ndi 400, resh 200, nun 50, zonse pamodzi 650. Kuti mupeze chaka pa kalendala yathu onjezerani 1240, mupeza 1890, kapena kumapeto kwa 1889 poti chaka chawo chimayamba cha mu Seputembala. Ndiye chidindo chikakhala cha kamwezi kaja koma mawu akunena za m'ma 1790, pamenepo pali bodza.

Bodzali lili ndi gwero lowawa. Mu Febuluwale 1939 boma la Nazi linalamula Ayuda a ku Germany kupereka siliva ndi golide wawo, ndipo zambiri zinasungunulidwa. Zotsala zinakwera mtengo, akathyali n'kuyamba kugula zikho wamba zakale n'kumazokotapo Chiheberi. Zimandipweteka mtima, chifukwa akuchita malonda ndi dzina la mipingo yomwe anthu ake anaphedwa.

Chala chimawagwira akathyaliwa. Zilembo zakale zimakhala zitaperepeseka limodzi ndi chikho chonse, m'mizere mwake muli kakuda. Zatsopano zimakanda mukasisita. Wozokota wosadziwa Chiheberi amasokonezanso zilembo za dalet ndi resh, poti zimasiyana pakangodya kokha.

Ngati chikho chotere chili m'nyumba mwanu, chonde musachikweche ndi phulusa kapena mchenga ngati poto. Kansalu kofewa n'kokwanira, ndipo kakuda ka m'zilembo kaja kasiyeni.