Kodi pali vesi loletsa fodya?

Akhristu ambiri amakhulupirira kuti penapake m'Baibulo muli vesi loletsa kusuta fodya, ndipo wosuta ndi wotayika kale. Vesi limenelo mulibe. Fodya anachokera ku America, ndipo azungu anamudziwa koyamba mu 1492, pa ulendo wa Columbus, patapita zaka zoposa 1,000 Chipangano Chatsopano chitalembedwa.

Vesi limene anthu amathamangira ndi 1 Akorinto 6:19, lonena kuti thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera. Koma werengani mavesi oyandikana nalo: Paulo akudzudzula dama. Loyenera nkhaniyi lili pamwamba pang'ono, vesi 12, pomwe akunena kuti sadzalola chinthu chilichonse kumulamulira. Apa ndiye pogona nkhani. Nikotini, mankhwala a mufodya oyambitsa chibaba, amafika ku ubongo m'masekondi ochepa chabe, ndipo munthu amene chibaba chamudzutsa usiku, n'kumapisa m'matumba a jekete kufuna ndudu manja akunjenjemera, sakudzilamulira. Utsiwo ukupwetekanso mwana wagona pambaliyo, yemwenso ndi mnansi woyenera kukondedwa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse.

Mipingo nayo siyankhula chimodzi. A Seventh-day Adventist amaletseratu, pomwe Charles Spurgeon, mlaliki wotchuka wa ku London, ankasuta osabisa.

Kudula wosuta mumpingo ndimakuona ngati kulakwitsa. Amangophunzira kubisa, kumatafuna switi asanalowe m'tchalitchi. Ambiri amabwerera ku fodya kangapo asanasiyiretu, choncho mpingo umupezere mnzake womulimbikitsa, umulozerenso kuchipatala kukapeza uphungu ndi mankhwala ochepetsa chibaba.