Mbiri ya Ak Kalpak ndi Elechek, Zovala za Kumutu za Akyrgyz

Akyrgyz ndi mtundu wa anthu wa ku Central Asia umene kwa zaka mazana ambiri unkasamukasamuka ndi nkhosa ndi akavalo m'mapiri a Tian Shan, ndipo zovala zawo zinabadwa m'moyo umenewo. Amuna ankavala ak kalpak, chipewa choyera chosongoka chosokedwa ndi zidutswa zinayi za ubweya wa nkhosa wopanikiza, chimene chimafunditsa m'nyengo yozizira komanso kutchinga dzuwa m'chilimwe. Chipewachi amachilemekeza kwambiri, moti sachiika pansi kapena kuchiponya mwachisawawa.

Chovala chimene chili ndi nkhani yaitali ndi cha amayi. Mkazi akakwatiwa ankamuveka elechek pa mwambo wochitikira kwa apongozi ake, ndipo imeneyi ndi nsalu yoyera yaitali mamita ambiri imene amaizunguliza kumutu kangapo pamwamba pa kachipewa kophimba tsitsi. Kakulungidwe kake kankasiyana malinga ndi dera ndi fuko. Nsaluyi sinali yongodzikongoletsera, chifukwa mayi akabereka ali pa ulendo ankang'ambako yofunditsa khanda, ndipo imfa ikagwa kutali ndi mudzi, nsalu yomweyo inkakulunga mtembo.

M'zaka za m'ma 1930 boma la Soviet Union, limene linkalamulira dziko lawo la Kyrgyzstan pa nthawiyo, linakakamiza abusawa kukhazikika m'minda ya boma, ndipo pang'onopang'ono elechek inasiyidwira agogo a kumidzi ndi ovina pa zisangalalo, pamene amayi ambiri anatengera mpango wamba. Koma ak kalpak inapulumuka.

Dziko la Kyrgyzstan litalandira ufulu mu 1991, zovalazi zinapatsidwa ntchito ina, yosonyeza kuti Mkyrgyz weniweni ndi ndani, ndipo apa ndi pamene mikangano inayambira. Mu 2016 mumzinda wa Bishkek, likulu la dzikolo, munaikidwa zikwangwani zoyerekeza amayi ovala elechek ndi amayi ophimba nkhope yonse, pofuna kunena kuti kavalidwe kachiwirika n'kachilendo. Pulezidenti wa nthawiyo, Almazbek Atambayev, anagwirizana ndi zikwangwanizo, koma Asilamu ena, m'dziko limene anthu ambiri ndi Asilamu, anaona kuti akunyozedwa. Chodabwitsa n'chakuti amayi ochepa okha ndi amene ankavala elechek tsiku ndi tsiku pa nthawi imene boma linkaitchinjiriza motero. Chakumapeto kwa 2017 kunabukanso mkwiyo galu atavekedwa ak kalpak pa chionetsero cha agalu ku Bishkek komweko, mpaka aphungu a nyumba ya malamulo anayamba kukambirana zoteteza chipewachi ndi lamulo.

Tsopano pa 5 Malichi chaka chilichonse dzikolo limakumbukira tsiku la ak kalpak. Bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, linaika luso lopanga chipewachi pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa mu 2019, ndipo elechek inatsatira mu 2023.