Makhanga sikunali kumathero a njanji

Ambiri amene ankakwera sitima ya pamtunda kuchokera ku Limbe anakula akuganiza kuti njanji inapangidwa kuti ithere pa siteshoni ya Makhanga, m'boma la Nsanje. Ayi ndithu. Poyamba Makhanga anali malo ongoimapo sitima, ulendo n'kupitirira kuwoloka Shire pa Chiromo, kudzera ku Bangula, Nsanje ndi Marka mpaka ku Beira.

Ndipotu kuchigwa kuno n'kumene njanji ya dziko lino inayambira, isanakwere mapiri kukafika ku Blantyre mu 1908. Chimene chinaidula ndi madzi osefukira a mu 1997, amene anakokolola njanji pafupi ndi Chiromo. Zimandiwawa kuti ana ambiri a ku Bangula akula osaonako sitima yochokera ku Limbe.