Kodi thupi limalimba ndi zitsulo za ku jimu zokha?

Ambiri timakhulupirira kuti popanda kunyamula zitsulo ku jimu, minofu singakule. N'chifukwa chake ena amaika pa foni mapulogalamu olembera makilogalamu a zitsulo, monga Strong kapena Hevy, chonsecho ku jimu sapondako phazi.

Mnofu umakula ukapatsidwa ntchito yoposa imene unazolowera, kaya ndi chitsulo kaya ndi thupi lanu lomwe. Pochita push-up (kugona chafufumimba n'kumadzikankhira m'mwamba ndi manja), manja amakankha pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kwanu. Wolemera makilogalamu 60 amakankha pafupifupi 40, pakhonde pomwepo.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi kubwereza mapush-up omwewo chaka chonse. Akayamba kupepuka, sanjikani mapazi pa mpando, tsikani pang'onopang'ono, kapena berekani chikwama cha mabuku. Pulogalamu ya pa foni yolimbitsira thupi kunyumba imene siikuwonjezerani ntchito motere, ifufuteni.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kulimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata, ndipo silinena kuti zichitikire ku jimu. Jimu imaposadi pa miyendo ndi msana mukafika pofuna katundu wolemera kwambiri. Mapulogalamu a zitsulo aja ntchito yake imayambira pamenepo.