Bwalo la Chikwakwa ku Lusaka

Dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964, zisudzo za m'tauni zinali zikadali m'manja mwa azungu. Ku Lusaka Playhouse munthu ankagula tikiti, nakhala pampando mumdima, nsalu n'kutseguka, sewero la Chingelezi n'kuyamba. Mayi wogulitsa tomato ku Matero analibe chake kumeneko.

Mu 1969, patangopita zaka zitatu Yunivesite ya Zambia itatsegulidwa, mphunzitsi Michael Etherton pamodzi ndi ophunzira ake anayambitsa bwalo lawolawo la zisudzo. Dzina analitenga m'chinenero chathu chomwechi: Chikwakwa, chija timatchetchera udzu. Ine dzinali limandigwira mtima, chifukwa chikwakwa si chida cha bwana. Chimakhala m'manja mwa waganyu, kapena mwana wasukulu potchetcha bwalo la mpira.

Kamangidwe kake kanatsata maganizo omwewo. Linali bwalo la pamtetete, lopanda denga pamwamba pa oonerera, lopanda nsalu yobisa ochita sewero. Anthu ankakhala moyandikana ndi osewera ngati mmene timakhalira pabwalo la mfumu kapena poonerera gule, ndipo wina akayambitsa nyimbo, khamu linkavomera. Ng'oma sinali yongokometsera ayi, inkanyamula nkhani. Ikalira, aliyense ankadziwa kuti pano pali maliro, apa pali mkangano, uku kwabwera mlendo. Nthano, miyambi ndi magule a mitundu yosiyanasiyana ya m'dzikomo zinalowa m'masewero olembedwa papepala. Pakati pa masewero otchuka a gululi panali Black Mamba la Kabwe Kasoma, lonena za Kenneth Kaunda ndi nkhondo yomenyera ufulu.

Kenaka Chikwakwa chinanyamuka. Pa tchuthi ophunzira ankapita m'zigawo, nakakhala masiku angapo ndi aphunzitsi komanso achinyamata akumeneko, n'kukonzera limodzi masewero m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga kapena Chilozi, malingana ndi dera. Sewero likatha, luso linkatsala pomwepo.

Etherton sanakhalitse. Boma linamuthamangitsa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo anakapitiriza ntchito yotere ku Zaria, m'dziko la Nigeria. Koma anthu a m'gululi ngati Mapopa Mtonga, Dickson Mwansa ndi Stephen Chifunyise anali atakhwima kale, ndipo Chifunyise anadzakhala mmodzi mwa nsanamira za zisudzo kwawo ku Zimbabwe. David Kerr, amene anagwira ntchito ndi Chikwakwa, anaphunzitsanso ku Chancellor College ku Zomba, komwe gulu la zisudzo zoyendayenda linkakwera galimoto n'kukasewera m'maboma ndi m'midzi, anthu atakhala pansi mozungulira.